Akuti m'mimba mulibe zilonda, nanga ululuwu ukuchokera kuti?

Funso: Adokotala, papita miyezi yambiri ndikuvutika ndi m'mimba. Ndikangodya pang'ono ndimakhuta msanga, mimba imatupa, ndipo pamwamba pa mchombo pamatentha. Anandiunika ndi kachubu ka kamera kaja koma akuti mulibe zilonda. Kenako anandipatsa amitriptyline, amene ndikumva kuti ndi mankhwala a anthu ovutika maganizo. Kodi akuganiza kuti ndikunamizira kudwala? Mayi wodandaula.

Yankho: Mayi, simukunamizira ayi. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi vuto lotchedwa functional dyspepsia, lomwe limagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse. Chifu chimaoneka chabwinobwino, koma mauthenga apakati pa chifu ndi ubongo ndi amene sakuyenda bwino.

Ziwalo ziwirizi zimalankhulana usana ndi usiku, makamaka kudzera mu mtsempha wa vagus. Ambiri amaganiza kuti ubongo ndi umene umangolamula, koma pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a timitsempha ta vagus amanyamula uthenga kuchokera m'ziwalo za m'kati kupita ku ubongo. Chifu chikadzaza chimatumiza uthenga, ndipo ubongo ndi umene umagamula ngati kumeneko ndi kukhuta chabe kapena ululu.

Akatswiri a ku Leuven, m'dziko la Belgium, anayesa kuona zimenezi ndi maso. Ankalowetsa kabaluni kopanda mpweya m'chifu cha munthu, n'kumakapopa pang'onopang'ono uku akujambula ubongo ndi makina a PET. Odwala ambiri ankayamba kumva kupweteka kabaluni kasanafufume n'komwe kufika pamene munthu wabwinobwino amadandaulira. Mbali za ubongo zomwe zimathandiza kuziziritsa ululu sizinkagwiranso ntchito mofanana ndi za anthu athanzi. Mu 2011, ofufuza a ku Chengdu, ku China, anajambula odwala ali chigonere, popanda chowakhudza m'mimba. Anapeza kuti mbali zolandira mauthenga a m'thupi, monga insula ndi anterior cingulate cortex, zinkagwiritsa ntchito shuga wambiri kuposa mwa anthu athanzi, ndipo odwala kwambiri ndi amene zinkaonekera kwambiri. Zili ngati wailesi imene wina wakweza mawu mpaka kumapeto: uthenga ndi womwewo, koma ukufika mogonthetsa m'khutu.

Musathamangire kukajambulitsa mutu. Zithunzizi zimaonetsa kusiyana kwa magulu a anthu, sizingauze dokotala kuti mayi uyu ali ndi vutoli. Sizinenanso chimene chinayamba pakati pa m'mimba ndi ubongo. Ku Australia anatsatira anthu kwa nthawi, n'kupeza kuti kwa ena nkhawa ndi imene imayamba, vuto la m'mimba n'kutsatira, koma ambiri m'mimba ndi mmene mumayamba kuvuta, nkhawa n'kubwera pambuyo. Ine sindidabwa nazo. Ndani angakhale ndi mtendere akamaopa chakudya chilichonse? Mwa odwala ena amapezanso kutupa pang'ono kumayambiriro kwa matumbo aang'ono, komwe kamera siingakuone pokhapokha atatapa kanyama n'kukapima.

Za amitriptyline, n'zoona kuti anapangidwira matenda a maganizo, koma mlingo umene timapereka pa vuto lanuli ndi wochepa kwambiri, ndipo ntchito yake ndi kutsitsa mawu a wailesi ija. Amathandiza makamaka amene vuto lawo lalikulu ndi ululu kapena kutentha. Amamwedwa usiku chifukwa amagonetsa, amaumitsa m'kamwa, ndipo pamatenga milungu ingapo kuti muone kusintha. Musawasiye panokha.

Funsani ngati anakupimani kachilombo ka m'chifu kotchedwa Helicobacter pylori, chifukwa kakapezeka timayamba tathana nako. Ambiri timawayesanso kaye omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'chifu, kwa milungu 4 mpaka 8. Idyani pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku, chepetsani zamafuta, ndipo ibuprofen ndi diclofenac muziwapewa. Uphungu wothandiza kuchepetsa nkhawa nawonso ndi mankhwala, si chipongwe.

Koma mukayamba kusanza magazi, kuchita chimbudzi chakuda bii, kuonda popanda chifukwa, kuvutika kumeza kapena kusanza kosalekeza, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale kamera inanena kale kuti mulibe kanthu.