Ku Dzalanyama yambirani mbali ya miyala, mudzatsikire kwina

Asisi, mwafunsa ngati bambo anu a zaka 62 ndi ana anu awiri angathe njira yozungulira ya m'nkhalango ya Dzalanyama, komanso ngati nsapato zothamangira zikwanira. Angathe ndithu. Koma pali chinthu chimodzi chomwe onse amene akuyankhani sanatchule: njira yozungulira ili ndi mbali ziwiri, ndipo mbali imene muyambire ndiyo idzakometse kapena kuwononga ulendo wanu.

Yambirani kumene kuli matanthwe ndi miyala yosongoka, mukadali ndi mphamvu, dzuwa lisanakwere. Pokwera thanthwe munthu amaona pomwe akuponda, manja nawo amathandiza. Potsika ndi nkhani ina. Thupi lonse limatsamira pa maondo, miyendo yayamba kale kunjenjemera, ndipo timiyala tating'ono tomwe timakhala pamwamba pa thanthwe timagubuduka ngati mwaponda nandolo. Ine ndinaphunzira movutikira. Tinasankha kuyamba ndi mbali yosalala chifukwa inkaoneka yokoma, mthunzi wa mitengo ya mombo ndi misuku, tikucheza ngati tili ku Area 18. Pofika pamiyala nthawi inali itadutsa 1 koloko, madzi atatha. Ndinaterereka pamalo oti ngakhale mwana akanadutsa, n'kubinya kakolo. Mtunda wotsalawo ndinautha nditakolowekera dzanja paphewa la mlamu wanga, yemwe mpaka lero salephera kundikumbutsa pamaliro ndi paukwati pomwe.

Za nsapato, zothamangirazo zili bwino ngati kunsi kwake kudakali ndi mano. Zikakhala zakutha kunsi, bola kupita ku kaunjika wa ku Tsoka mukapeze zina. Ana asavale mapatapata, ngakhale alire. Bambowo muwadulire ndodo yolimba, ndipo musamawafunse pafupipafupi ngati atopa. Azibambo a msinkhu umenewo savomera. Ingomaimani inuyo n'kunena kuti mwatopa ndinu.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. M'dzinja miyala imamera ndere, imaterera ngati sopo, ndipo msewu wafumbi wodzera ku Likuni umasanduka matope okhaokha moti galimoto yaing'ono mudzaisiya panjira. Ndi makilomita pafupifupi 60 kuchokera m'tauni ya Lilongwe, koma musawerengere ngati a pa tala, nyamukani kusanache. Mu Okutobala kumatentha koopsa, komanso ndi nthawi ya moto wolusa. Nyengo yozizirayo nayo ili ndi mdani wake, chitedze. Uzani ana kuti akaona zikhokhombe zaubweya zikulendewera asazikhudze n'komwe. Avale mathalauza aatali chifukwa cha nkhupakupa, ndipo asapise dzanja m'mphako kapena pansi pa mwala. Mphiri sithawa ikamva anthu, imangogona phee pomwe ili.

Tengani munthu wa konko woti akutsogolereni, musadalire foni. Netiweki imasowa, komanso m'nkhalangomo muli tinjira tambirimbiri ta anthu ootcha makala tomwe timaoneka bwino kuposa njira yeniyeniyo. Pathanthwe sipakhala mapazi oti n'kulondola. Mukaphonya pokhotera pamodzi, mukhoza kulowera dera lina osadziwa, ndipo kumbukirani kuti mapiri amenewa ndi malire athu ndi Mozambique. Madzi munthu aliyense anyamule malita awiri, kuphatikiza mbatata yophika kapena mtedza. Zakudyazo zikhale m'chikwama chotseka, anyani sachedwa kuona.

Chinanso, poti mukupita ndi ana, musangowayendetsa ngati asilikali. Mukawoloka timitsinje tozizira tija, auzeni kuti madzi amenewo ndi omwe amatuluka pampopi kunyumba: mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri omwewa, n'kudzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde. Nkhalangoyi boma linaiteteza kuyambira 1922, koma zitsa ndi mauvuni a makala mudzaziona nokha, ndipo zinafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukailondera. Zimawawa mtima, makamaka ukakumbukira kuti thumba la makala lomwe lili kukhitchini kwako mwina linachokera komweko. Ine ndemwe sindili woyera pankhaniyi.

Bambo anuwo mwina akudziwa za Kaphirintiwa. Makolo achichewa amati kumapiri a Dzalanyama n'komwe anthu oyamba ndi nyama anatsikira kuchokera kumwamba, thanthwe likadali lofewa, n'kusiyapo mapazi awo. Apempheni adzafotokozere adzukulu nkhaniyo mutakhala pamwamba, mukupuma. Ikatha, muuze wokutsogoleraniyo kuti mukufuna kutsikira mbali ya mthunzi, ndipo pofika 12 koloko mukhale mutachoka pamiyala.