Makope 200 si imfa ya buku, achemwali

Achemwali, mwagulitsa makope 200 chaka chimodzi ndiye mukuti buku lafa? Ayi ndithu. Langa linkayenda chomwecho, pang'onopang'ono, mpaka ena analipha dala.

Ndimaphunzitsa kwa Ngabu. Mu 2019 kampani ina ya ku Blantyre inandisindikizira kabuku ka nthano, makope 500. Ndinkatenga makumi asanu, kugulitsa, kuwatumizira ndalama, n'kutenganso ena. Ogula anali aphunzitsi anzanga, akutchalitchi, ndi antchito a kumunda wa nzimbe pa Nchalo mwezi ukatha. Pofika 2023 anali atapita 340. Mayi wina wogulitsa nsomba pa Bangula anandigwira dzanja pamsika kundifunsa chifukwa chimene ndinaphera mwana uja kumapeto kwa nthano. Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umagunda.

Tsono mu February chaka chomwecho ndinakwera minibasi, kudutsa pa Thabwa, kukwera mapiri aja, kukafunsa kangachepe kanga. Anandikhazika pabenchi kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa kupendeka, m'mimba muli gwaa. Bwana wa kampaniyo potuluka, ngakhale moni. Maso ali pafoni, akuti, "Aphunzitsi, buku lanu silili pasilabasi, likungotithera malo." Anandipatsa envulopu ya ndalama zosakwana n'thiransipoti yomwe, ndi makatoni awiri a mabuku otsala, ati ndidziwa ndekha chochita. Kondakitala anandilipiritsanso katundu.

Makatoniwo ndinawaika pansi, kuseri kwa chitseko. Mu March namondwe wa Freddy anabwera, madzi analowa m'nyumba usiku. Titabwerera, mabuku 160 anali atafufuma ngati buledi, masamba atamatana, akununkha matope. Mwana wanga ankawayanika pamkeka limodzilimodzi, ine ndili chete, chifukwa anzathu anataya abale, ndikanalira bwanji mapepala?

Munthu uja sindinamukhululukire. Anthuwa amangofuna buku loti ana a Folomu 4 aligule mokakamizidwa chifukwa MANEB ifunsa pamayeso. Ndikudziwa kuti mapepala amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 kusindikiza kunakwera mtengo zedi. Koma wolemba buku la pasilabasi amagwa kumwamba? Amayambira pa timabuku timeneti, togula anthu mazana awiri kapena atatu. Langa linali litabweza kale ndalama zawo, anandiuza ndi wantchito wawo yemwe.

Komabe inu musathamangire kusindikiza nokha. Pitani kukampani, kuli akonzi, ndipo buku losakonzedwa limachititsa manyazi. Kungoti pangano muliwerenge kawiri, lilembe kuti akasiya kuligulitsa umwini ubwerera kwa inu, ndiponso kuti azikuonetsani chiwerengero cha ogulidwa chaka chilichonse. Kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa mabuku ndi ntchito zina zaluso. Ndipo ngati mumakhala kuchigwa kuno, makatoni muziika pamwamba pa kabati, osati pansi.