Funsani Tikuyankheni: Maso a pa Chithunzi ndi Msilikali Wopanda Nkhope

Funso: Akonzi, pabalaza pathu pali chithunzi cha malemu agogo, ndipo paliponse pamene ndingaime ndimaona ngati akundiyang'ana. Ana amachita nacho mantha. Kodi chimachititsa zimenezi n'chiyani?

Yankho: Auzeni anawo kuti palibe zamatsenga pamenepa. Munthu wamoyo mukamuonera cham'mbali, mphuno yake imabisa tsaya limodzi ndipo maso ake amaloza kwina. Chithunzi n'chafulati, ndipo kuwala ndi mthunzi zimene zili pamenepo sizisintha inu mukasuntha. Choncho ngati agogo anayang'ana mu kamera powajambula, adzayang'ana aliyense woima pabalazapo, ngakhale anthu asanu nthawi imodzi. Tengani chithunzi cha munthu amene anayang'ana kumbali, mudzaona kuti ngakhale mutazungulira chipinda chonse, iye sadzakuyang'anani.

Funso: M'buku lina ndinaona chithunzi chapenti cha munthu wowonda atakwera hatchi yooneka nthiti, atanyamula mkondo ndi chishango, koma nkhope yake ilibe maso kapena pakamwa. M'munsi analemba kuti Don Quixote, wojambula Honoré Daumier. Kodi mkuluyu anamwalira asanachimalize?

Yankho: Ayi ndithu. Chithunzi mukunenachi chikufanana ndi cha ku Neue Pinakothek, nyumba yosungiramo zithunzi ya mumzinda wa Munich ku Germany. Daumier anachijambula cha m'ma 1868, ndipo anamwalira mu 1879, patapita zaka zoposa 10.

Musaganizenso kuti nkhope zinkamuvuta. Mkuluyu, yemwe anabadwira ku Marseille mu 1808, ankadyera nkhope za anthu, popeza ntchito yake inali yojambula makatuni a m'nyuzipepala onyogodola andale, oweruza ndi maloya a ku France. Mu 1832 anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 6 chifukwa chojambula Mfumu Louis-Philippe ngati chimphona chomeza ndalama za amphawi. Akuluakulu a boma sanavutike kuzindikira kuti nkhopeyo inali ya yani.

Kuti timvetse chithunzichi tiyenera kubwerera ku buku limene linachibala. Miguel de Cervantes wa ku Spain anatulutsa gawo loyamba la Don Quixote mu 1605 ndipo lachiwiri mu 1615. Ndi nkhani yopeka ya bambo wa zaka pafupifupi 50 amene anawerenga mabuku a asilikali apahatchi akale usana ndi usiku mpaka mutu unasokonekera, kenako anavala zida zadzimbiri za makolo ake, natcha hatchi yake yokalamba kuti Rocinante, nanyamuka kukathetsa zoipa za padziko. Mnzake wapaulendo anali mlimi wamimba yaikulu, Sancho Panza, wokwera bulu. M'mutu 8 bamboyo anaona zigayo zoyendera mphepo 30 kapena 40, nanena kuti ndi zimphona, ndipo ngakhale Sancho anamuchenjeza, anathamangira chimodzi ndi mkondo mpaka kugwa chagada pamodzi ndi hatchiyo.

Wowerenga amaseka pamenepa, koma akapitirira amayamba kudzifunsa ngati munthuyu ali wamisala chabe kapena ndi yekhayo woona mtima pakati pa anthu ochenjera omwe akumusewera. Cervantes sanagamule mlanduwu, ndipo ife tikuona kuti Daumier anachita bwino kusaugamulanso. Akanaika maso otong'oka, tikanati ndi wamisala. Akanaika maso achisoni, tikanamumvera chifundo n'kuiwala kuseka. M'malo mwake anaika zonse m'thupi: msana wowongoka monyadira, mkondo woloza kumwamba kobiriwira, ndi hatchi imene mafupa ake akuchita kutuluka pakhungu. Anabwereza mutu umenewu kambirimbiri pa zaka zake zomaliza, ndipo nthawi zambiri nkhopeyo ankaisiya yosaoneka bwino chomwecho.

Ena anasankha njira ina. Gustave Doré, pa zithunzi zimene anakongoletsa nazo bukuli mu 1863, anajambula ndevu, makwinya ndi maso omwe, ndipo Don Quixote amene anthu ambiri amamuona m'maganizo mpaka lero ndi wa Doré ameneyu. Zithunzi zake n'zaluso, tisakane, koma zimamuchitira wowerenga ntchito yonse. Pablo Picasso anapitirira ngakhale Daumier. Mu 1955, pokumbukira zaka 350 za gawo loyamba, anajambulira nyuzipepala ya Les Lettres françaises mizere yakuda yochepa chabe: msilikali wamtali pahatchi ya miyendo yonga timitengo, Sancho wobulungira pabulu wake, dzuwa, ndi tizigayo patali.