Za chiphaso chako chija, msuweni

Eee, mwaswera bwanji nonse pagulupu pano. Ndikuyankha iwe msuweni. Ndaona funso lako, lakuti chiphaso chaunzika chikatayika, china chimatuluka pakapita nthawi yaitali bwanji. Ndiyankha, koma iwe ndimakudziwa, mkazi wanga wachisuweni, sunayambe wafunsapo chinthu molunjika, umayamba wazungulira kaye kuseri kwa nkhokwe. Azakhali ako andiuza kale. Akuti unapita kubanki kukatsegula akaunti yolandirirapo malipiro, ndiye atalowetsa nambala yako mu kompyuta anakuuza kuti uli nayo kale, inatsegulidwa kunthambi ina kumene iwe sunapondeko. Ndiye nkhani yako ndi imeneyo, si ya masiku ayi.

Dikira, ndisanafike kumeneko. Ukukumbukira za amalume a ku Mponela? Kwa iwe ndi bambo aang'ono. Munali mu 2021... iyayi, 2020, chaka chomwe AIP inayamba, anthu akugula feteleza wotsika mtengo ndi chiphaso chaunzika. Kunabwera venda wina pamsika, wovala bwino, akuti bambo musavutike kugona pamzere kudepoti, netiweki ikuvuta, ndipatseni chiphaso ndikakutengereni. Amalume mukuwadziwa nonse, mwendo uja atagwa panjinga ija sungaime tsiku lonse. Anapereka. Patapita sabata munthu uja anabweretsa thumba limodzi, n'kunena kuti chiphaso chasowa m'chipwirikiti cha kudepoti, pepani. Amalume n'kuthokozanso, n'kumupatsa nkhuku, ija yomwe agogo ankasungira za chiliza zija.

Tsopano tamvera pamene panalakwika. Anapita kupolisi kukatenga lipoti, chifukwa a NRB, bungwe lopereka ziphaso zaunzika, sakupatsa chiphaso china popanda lipoti lapolisi. Koma kumeneko anachita mantha kunena kuti anachipereka kwa venda, poti boma linali likuletsa zimenezo. Ananena kuti chinagwa m'minibasi. Chiphaso chatsopano chinatuluka, iwo mtima pansi, n'kumationetsa pamaliro paja ngati satifiketi.

Kumbali inayo chakale chija chikugwira ntchito. Anthu aja analembetsa nacho ma SIM, n'kutsegulanso akaunti kubanki, chithunzi cha munthu wina, siginecha ya munthu wina, dzina ndi nambala za amalume. Mauthenga aja timalandira tonsewa, akuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ena amachokera pa nambala zoterozo. Mayi wina wa kumpoto anaimbiridwa foni kuti mwana wake wavulala kusukulu, atumize ndalama zachipatala msanga. Anatumiza. Ndalama inachoka pafoni kupita kuakaunti ija, tsiku lomwelo n'kutapidwa. Apolisi atatsatira, dzina lomwe anapeza ndi la ndani? Anakawatenga kudimba, khasu lili m'manja. Pamene amati afotokoze za venda uja, anawaonetsa lipoti lawo lomwe, akuti bambo si inu munati chinagwa m'minibasi? Venda wachokera kuti lero? Chinawapulumutsa n'chithunzi cha pafomu yakubanki, poti sichinali chawo, komanso amalumewo sadziwa kusaina, amadinda chala. Koma mbuzi ziwiri zinapita pa mathiransipoti. Izo tisazidzutse.

Aaa, ndatalikitsa. Chomwe ndikufuna umve n'chakuti chiphaso chatsopano sichitseka chilichonse. Nambala yako yaunzika sisintha, khadi ndi lomwe limasintha. Zonse zomwe zatsegulidwa pa nambala imeneyo zimakhalabe zako pamapepala mpaka iwe utazikana, ndipo kukana kwake n'kolemba, si kwapakamwa.

Ndiye mawa uyambire kupolisi. Ukanene zoona zokhazokha. Ngati unapereka fotokope kwa munthu wolonjeza ntchito ku Johannesburg, kapena unatumiza chithunzi cha chiphaso pa WhatsApp kwa awa amati tikupatsani ngongole lero lomwe, ukanene choncho, ndi nambala yake yafoni, ndi tsiku lake. Mauthengawo usafufute, uwajambule. Usachite manyazi, amva zoposa pamenepo. Lipotilo lisangoti chiphaso chatayika, lilembedwenso kuti wina watsegula akaunti m'dzina lako, kubanki yakuti, ndipo iwe wadziwa tsiku lakuti. Ukalipira utenge lisiti, ulembenso dzina la wapolisi wakuthandiza ndi nambala ya nkhani yako. Ikakhala ya ndalama zambiri amaitumiza kwa a Fiscal Police, ndiwo amaona zachinyengo.

Ukatero ulembe kalata yopita kwa manijala wa banki, makope awiri. Mulembe dzina lako lonse, nambala ya chiphaso, tsiku lomwe wadziwa, ndi mawu omveka kuti akauntiyi sindinatsegule ine ndipo sindinatume munthu. Uphatikize fotokope ya lipoti lija. Upemphe kuti aitseke... iyayi, ndaphonya, osati kutseka. Upemphe kuti aiyimitse, pasatuluke ndalama, ayambe afufuza. Kungoitseka mwakachetechete kumaoneka ngati mwini wake watopa nayo, ndiye kuti wavomera kuti inali yako. Upemphenso kuti ayerekeze fomu yotsegulira ija ndi iwe: chithunzi, siginecha, nambala yafoni, adiresi, malo a ntchito omwe analembapo. Mwina sakupatsa mapepalawo kuti upite nawo, zimenezo apolisi ndiwo amazitenga mwa njira yawo, koma pempho lako likhale m'kalatamo. Kope imodzi asunge, inayo akudindire chidindo chokhala ndi deti, ubwere nayo kunyumba. Akakuuza kuti tamva mayi, tikuimbirani, usachoke pakauntala chidindo chisanatere papepala.

Ndipo tamvera, ngati muli ndalama mu akauntimo, usakhudze ngakhale tambala. Ndikudziwa iwe ndi zitenje zatsopano, hehe, koma ayi. Ndalama zimenezo n'zobedwa kwa anthu ena, ndipo lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limagwira wolandira ndi wosuntha ndalama zopezeka mwaumbanda. Ukatapapo wadzilowetsa wekha. Winanso akakuimbira kuti ndine wakubanki, tikukonza vuto lanu, tiwerengereni manambala abwera pafoni yanu, udule. Banki sifunsa PIN kapena manambala amenewo pafoni, ndipo akuba akaona akaunti yaima ndi nthawi yomwe amayesa njira imeneyi.

Chotsatira, upite ku Airtel ndi ku TNM, kushopu yawo yeniyeni osati kwa ejenti wapansi pa ambulera. Kuyambira 2018 SIM iliyonse imalembetsedwa pa chiphaso, ndiye akuonere kuti pa nambala yako yaunzika pali manambala afoni angati. Yomwe sukuidziwa aichotse, ndi Airtel Money kapena Mpamba yake yomwe. Nambalazo uzilembe, ukazipereke kupolisi.

Palinso za ngongole, izi ambiri amaziiwala. Munthu akatsegula akaunti m'dzina lako nthawi zambiri amafuna kukongolerapo. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama amatumiza mbiri ya ongongola ku ma credit bureau, kuno kuli Credit Data ndi TransUnion. Ukapemphe lipoti lako konse kuwiri, chifukwa zomwe zili kumodzi sizikhala kwinako nthawi zonse. Ukapezamo ngongole yachilendo, uikane polemba kalata, kwa iwo komanso kwa yemwe anabwereketsayo, ndi lipoti lapolisi lomwe lija. Ukapanda kutero udzaziona tsiku lomwe ukufuna ngongole yako yeniyeni, akudzakubweza. Ndipo banki ikangokhala chete osayankha kalata yako, dandaulo limapita ku Reserve Bank, ku ofesi ya Registrar of Financial Institutions, ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Chinthu choyamba akakufunsa n'chakuti kodi banki yanuyo munaidziwitsa? Apo ndi pomwe kope yodindidwa ija imayankha.

Kutsogoloku, fotokope iliyonse ukamapereka uzilemba ndi cholembera modutsa pakati pake, kuti ndi ya ntchito yakuti basi, ndi deti. Yotero n'kovuta kukaigwiritsa ntchito kwina.

Chiphaso chatsopanocho ukatenga ndithu, ofesi ya NRB ili kwa DC, upite ndi lipoti lapolisi ndi ndalama yolipirira. Koma ndikubwereza, khadi latsopano silifafaniza akaunti ija, imafafanizidwa ndi kalata yodindidwa. Wandimva msuweni? Khadi lingachedwe, palibe kanthu. Kalata yokana ija ndi yomwe isagone, ifike kubanki mawa lomwe. Ukailemba uijambule unditumizire kumbali ndiione usanapite nayo, ndipo thiransipoti ikavuta unene, tisonkherana pagulupu pompano.