Laputopu yakale ija musaichitire manyazi

Achimwene a ku Matero mu Lusaka, kalata yanu ndailandira. Mwati muli ndi laputopu yakale imene munagula ku Town Centre, mwaikamo Ubuntu, mtundu wina wa Linux (pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows), ndipo mukufuna kumathandiza kuyesa mapulogalamu asanatulutsidwe, koma poti kulemba khodi simudziwa, mukukayika ngati angakulandireni. Mantha amenewo ndikuwadziwa bwino, anandimanga inenso kwa zaka ndithu.

Ine ndimakonza makompyuta m'kashopu kakang'ono chakufupi ndi Cairo Road. Tsiku lina pa msonkhano wa achinyamata okonda zamakompyuta ndinaimirira n'kunena kuti ndikufuna kuthandiza nawo pa Linux. Mnyamata wina wophunzira kwambiri anandifunsa ngati ndimadziwa C, chinenero cholembera khodi. Nditati ayi, anandiuza pamaso pa anthu kuti ndiye ndizingogwiritsa ntchito zimene eni ake apanga. Zinandilasa mumtima, moti nkhani yothandizayo ndinaiika pambali.

Chinandidzutsa ndi laputopu ya amayi ena ogulitsa zitenje ku Kamwala. Ndinawaikiramo Xubuntu, mtundu wopepuka wa Ubuntu, poti makinawo anali ofooka. Zonse zinkayenda, koma ukangoitseka n'kuitsegulanso, sikirini inkangoti bii, mpaka uzimitse ndi batani. Amayiwo ankalembamo ngongole za makasitomala awo, ndiye ankabwera ali ndi nkhawa. Ndinalimba mtima n'kutumiza lipoti ku Launchpad, webusaiti yonenerako mavuto a Ubuntu, m'Chingelezi changa chomwechi. Patapita masiku, munthu wina wa kutsidya kwa nyanja anandiyankha mwaulemu. Sanafunse za sukulu yanga. Anapempha kuti ndiyese kernel ina (kernel ndiye mtima wa Linux), ndimutumizire zimene makinawo alemba, chifukwa iyeyo analibe laputopu ya mtundu umenewo. Khodi ankaidziwa, koma vutolo sakanaliona ndi maso ake popanda ine.

Ndiye ndikuuzeni mosabisa: amene amati wothandiza pa Linux ndi wolemba khodi yekha ndi wolakwa, ndipo akuthamangitsa anthu ofunika. Linus Torvalds atayamba Linux mu 1991, anaiika pa intaneti n'kupempha anthu kuti amuuze zimene akuona. Kuyambira pamenepo ntchitoyi yakhala ikudalira anthu oyesa. Olemba mapulogalamu ambiri ali ndi makompyuta atsopano, magetsi osazima ndi intaneti yothamanga. Ife kuno tili ndi ma HP, ma Dell ndi ma Lenovo amene anatha ntchito m'maofesi a ku Ulaya, batire yofa, ena WiFi yake ya Broadcom imene imafuna driver yapadera, kapulogalamu koiyendetsa. Ngati ife sitiyesa pa makina amenewa, ayese ndani? Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo nkhaniyi yafika povuta. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo kamene malaputopu ambiri akale alibe. Makina amene ana asukulu ku yunivesite ya UNZA akulembera ma assignment awo, ambiri tsogolo lawo ndi Linux basi. Koma nakonso ku Linux zakale zimasiyidwa. Debian 13, mtundu winanso wa Linux, imene inatuluka mu Ogasiti 2025, ilibenso installer (pulogalamu yoikira Linux) ya ma PC akale a 32-bit. Ine ndimaona kuti makina amene palibe akuwalankhulira ndi amene amayamba kutayidwa, ndiye kukhala chete kwathu kumatipweteka tokha.

Za magetsinso ndinenepo. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, tonse mu Lusaka tinkakhala maola ambiri mumdima. Nthawi imeneyo ndinaona zinthu zimene munthu wa ku London sangaganize n'komwe kuyesa: magetsi kuzima update ili pakati, pa laputopu yopanda batire. Kodi iyakanso? Kodi intaneti ya pa foni ikaduka, installer ipitiriza kapena ingoima osanena kanthu? Mayankho a mafunso amenewa ali m'manyumba mwathu muno, ku Matero, ku Chawama, ku Kanyama.

Poyambira

Deta ndiyo idzakuvutitsani poyamba. ISO ya Ubuntu 24.04, fayilo imene mumatsitsa kuti muike Ubuntu, ndi pafupifupi 6 GB, ndiye kuitsitsa mobwerezabwereza ndi bandulo ya pa foni n'kuwononga ndalama. Itsitseni kamodzi pamene pali WiFi, kenako muzigwiritsa ntchito zsync, imene imangotenga zigawo zimene zasintha. Anthu ambiri saidziwa, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona wachinyamata akusiya kuyesa chifukwa cha bandulo.

Ubuntu imatuluka mu Epulo ndi mu Okutobala, ndipo beta yake, yoti anthu ayeserepo, imabwera masabata angapo tsikulo lisanafike. Ma ISO a tsiku ndi tsiku ali pa cdimage.ubuntu.com. Ikani imodzi pa flashi ndi Ventoy kapena Rufus, muyatse laputopu kuchokera pa flashiyo osagwira hard disk, muyese WiFi, mawu, kamera, kutseka ndi kutsegula. Musanayese kuika yonse, sungani mafayilo anu kwina. VirtualBox, pulogalamu yoyendetsera kompyuta yoyerekeza mkati mwa yanu, ndi yabwino pophunzirira, koma mavuto a laputopu yanu yeniyeni sangaoneke mmenemo. Mukapeza vuto, fufuzani kaye pa Launchpad ngati wina analinena kale, ndipo ngati palibe, lembani ubuntu-bug ndi dzina la pulogalamuyo mu terminal, windo lolembamo malamulo. Fotokozani zimene munachita, zimene mumayembekezera, ndi zimene zinachitika. Akakufunsani zina, ayankheni, chifukwa malipoti ambiri amafera pomwepo. Fedora, mtundu wina wa Linux, nayo imakhala ndi ma Test Days, masiku oyesera, pomwe amakupatsani ndondomeko yoti mungotsatira, ndipo kwa munthu woyamba mwina kumeneko n'kosavuta.

Mundilemberenso mundiuze mtundu ndi nambala ya laputopu yanuyo, tione limodzi ngati ingakwanitse Ubuntu kapena muyambe ndi Lubuntu, mtundu wake wopepuka.