Matenda a Lucy mu filimu ija, alipodi?

Achemwali, mwafunsa ngati munthu angamaiwale zonse usiku uliwonse monga Lucy, mtsikana wa mu 50 First Dates, filimu ya 2004 ya Adam Sandler ndi Drew Barrymore. Dzina lomwe anapatsa matendawo, Goldfield's syndrome, n'lopeka.

Kuiwala zatsopano komwe kulipodi. Kumachitika kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus kakavulala. Kusiyana kwake n'kwakuti munthu sadikira kugona kuti aiwale. Henry Molaison wa ku America, atam'chita opaleshoni ya khunyu mu 1953, ankaiwala nkhani patangopita mphindi zochepa, koma za ubwana wake ankazikumbukira. Mwamuna wofunsira mbeta wotereyu sangapirire n'komwe mpaka masana!

Ine chomwe chinandikhudza mu filimuyo si nthabwala za Adam Sandler ayi, koma bambo ake a Lucy, kumuikira nyuzipepala yomweyo m'mawa uliwonse kuti asadziwe kuti masiku apita.

Kuno ku Chipata njinga zamoto zachuluka. Wina akagwa n'kumenyetsa mutu, kenako n'kumafunsa funso limodzimodzi kambirimbiri, musamuseke. Thamangirani naye ku Chipata Central Hospital tsiku lomwelo.