Amuna anga anakana udindo, ndiye ndawafulatira

Azakhali,

Ndakhala pabanja zaka 11 ndipo tili ndi ana atatu. Amuna anga amagwira ntchito yowerengera ndalama pakampani ina. Miyezi iwiri yapitayo abwana awo anawauza kuti awakweza, koma ayambe asayina mapepala oonetsa kuti katundu wina anafika pomwe sanafike. Iwo anakana, ine n'kudzamva zonse zitatha kale. Udindowo unapita kwa mnyamata amene anamuphunzitsa okha ntchito. Pano iye akuyendera galimoto ya kampani, ife tikadali m'nyumba ya lendi, fizi ya ana ikutisowetsa tulo. Ndikawafunsa amangoti, "Amayi, wokweza munthu ndi Mulungu." Mawu amenewa afika pondinyansa, moti usiku ndimagona nditawafulatira. Kodi chimenechi n'chikhulupiriro kapena ndi mantha chabe?

Ine mayi wokhumudwa

Mwana wanga,

Munthu wamantha ndi uja amasayina dzanja likunjenjemera poopa kukhumudwitsa bwana. Amuna akowo anayang'ana bwana m'maso n'kubweza cholembera. Dziwanso kuti ofufuza mabuku akadzabwera, sadzafunsa amene analamula. Adzayang'ana dzina lomwe lili pansi pa pepala. Galimoto imene ikukupweteketsa mtimayo, mnyamatayo anaigula ndi siginecha yake ngati naye anauzidwa zomwezo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Sindikukudzudzula chifukwa chofunira ana ako zabwino. Mayi wa Yakobo ndi Yohane, mkazi wa Zebedayo uja, naye anali choncho. Pa Mateyu 20 anagwada pamaso pa Yesu kupemphera ana ake mipando iwiri, wina kudzanja lamanja wina kulamanzere. Yesu sanamukalipire. Anangoti sakudziwa chimene akupempha, n'kufunsa anawo ngati angathe kumwera chikho chimene Iye ankati amwere. Ophunzira 10 otsalawo atamva anapsa mtima (ine ndimaona ngati nawonso mipandoyo ankaisirira), ndipo m'pomwe Yesu anawauza kuti wofuna kukhala wamkulu pakati pawo akhale wotumikira anzake.

Tadzifunse wekha usiku uno: chikukuwawa kwambiri ndi fizi, kapena ndi kuona mkazi wa mnyamata uja akutsika m'galimoto anzako akuona? Ngati ndi fizi, imeneyo muithana nayo awiri. Ngati ndi maso a anthu, amenewo sakhuta. Mukadakwera sitepe imeneyi ukadaona wina ali pamwamba penanso. Pa Miyambo 30 pali pemphero la Aguri lomwe ndimalikonda. Iye anapempha kuti asapatsidwe umphawi kapena chuma, poopa kuti akakhuta angaiwale Mulungu, akasauka angabe. Analiyamba ndi kupempha kuti bodza limutalikire.

Komabe sindikunamiza kuti udindo wina ukubwera mawa. Anthu amakonda kutonthozana ndi nkhani ya Yosefe, kuiwala kuti anagulitsidwa ali ndi zaka pafupifupi 17, n'kudzaimirira pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, ndipo zina mwa zaka zimenezo anali m'ndende chifukwa chokana tchimo m'nyumba ya Potifara. Yohane Mbatizi ananena zoona kwa Herode, m'ndendemo sanatulukemo wamoyo. Kudalira Mulungu si sitolo yoti wapereka kukhulupirika, akubwezera galimoto. Mwina amuna ako adzapuma ntchito ali pa desiki yomweyo, ndipo adzakhalabe kuti anachita bwino.

Tsono bambowo nawonso ndili nawo mawu, uwawerengere ndime ino. Bambo, zimene mumanenazo n'zoona, zili pa Salimo 75. Koma vesi si chitseko chotsekera mkazi wanu panja. Nkhani yaikulu chonchi anayenera kuimva kwa inu tsiku lomwelo, mugwade limodzi, osati kudzaimva itapola. Kudzichepetsa kwa pamaso pa abwana kufikenso kuchipinda, mupepese. Ndipo wodalira Mulungu sapinda manja. Kapolo uja anakwirira ndalama pansi pa Mateyu 25 sanayamikiridwe. Lembani makalata ofunsira ntchito kwina, chifukwa bwana amene mwamukanira bodza sakhala nanu momasuka. Lembaninso penapake tsiku ndi zimene munauzidwa, musunge.

Iwe mwana wanga, ana akagona tenga kope ndi cholembera, mukhale pansi awiri. Lembani zolowa ndi zotuluka, muone chimene chingadikire, ndiponso amene apite kusukulu kukapempha kuti fizi muzilipira pang'onopang'ono. Ukakalowa m'chipinda, tembenuka uyang'ane kumene kuli amuna ako, uwafunse mmene anamvera tsiku lija potuluka mu ofesi ya abwana. Ndikukayika ngati alipo anawafunsapo.

Azakhali